Khadi la Kutsidya kwa Chilwa

Bipi inandipeza nditangosiya ntchito yokolopa m'mahositelo a ana asukulu ku Chirunga. Kuyambira pamenepo Lachiwiri loyamba la mwezi silinalinso langa. Ndinkalawirira kuchoka kunyumba kwanga m'tsinde mwa phiri, kudutsana ndi azimayi okwera kukatola nkhuni m'mapaini, mpaka kukafika pachipatala chathu chaching'ono kuti ndilandire mapiritsi a mwezi. Ukafika unkaika buku lako pamulu wa mabuku pakhomo la adokotala, n'kukhala pabenchi. Ndiye kudikira. Abale, ine pa moyo wanga ndadikira zambiri, koma benchi ija inanditha msana.

Miyezi ina unkakhala mpaka dzuwa kupendeka, ukafika pawindo n'kukuuza kuti mankhwala ako atha, kagule kufamase m'tauni. Ndinkabwerera ndi tipanado m'manja, mutu ukugunda, miyendo itatupa. Munthu akatopa chotero amafuna womuloza chala, ndipo ine ndinamupeza: anthu a kutsidya.

Kwathu kuno tikati kutsidya timanena ku Mozambiki, kuseri kwa nyanja ya Chilwa. Ambiri a kumeneko chipatala chawo chili kutali kuposa chathu, ndiye amakwera bwato kudzatsika pa Kachulu, kenako minibasi. Pabenchi ndinkawazindikira msanga, mwina kamangidwe ka duku, mwina Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ndikangowaona magazi ankakwera, ndipo sindinkanong'ona ayi.

“Boma likamatumiza mankhwala kuno limawerenga anthu a m'midzi yathu,” ndinkatero mokweza. “Awa anawawerenga ndani? Bulangete la anthu awiri tifunde asanu? Dziko lawo lilibe boma?”

Wondivomereza anali mayi wina wogulitsa masitiroberi pamsewu wokwera phiri, nayenso wa bipi. Ine ndikati a, iye ankati e. Wotitsutsa anali bambo wachikulire, Msilamu wa golosale kumsika, wodwala shuga, amene tonse tinkangowatcha ambuje. Iwo sankakweza mawu, n'chifukwa chake ankandipsetsa mtima kwambiri.

“Amayi,” ankatero akukonza chisoti chawo, “chaka cha njala chija, chimanga chimene munadya chinachokera kuti? Si njinga za kutsidya zomwezi zinkatsika nacho?”

“Chimanga tinkagula! Mankhwala akugula?”

“Nanga mwana wanu ali ku Joni uja, akadwala amapita kwa sing'anga? Kumeneko nayenso akumunena pabenchi ngati ino.”

“Asa! Mwana wanga musamulowetse.”

“Chabwino, tisiye mwana. Agogo anu anabadwira kuti?”

Pamenepo anthu ankaseka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndine Mlomwe, ndipo agogo anga anawoloka okha malire ndi mtolo pamutu. Ine ndinkayankha kuti zimenezo n'zakale, nthawi imeneyo kunalibe mzere wa mankhwala. Mwezi wotsatira tinkayambiranso pomwepo, mawu omwewo, kuseka komweko. Palibe anasinthapo maganizo, ndipo mankhwala ankathabe. Mpaka lero sindinena kuti zonse ndinkanena zija zinali zabodza. Anthu anali ochuluka, mapiritsi ochepa, ndipo amene ankabwerera chimanjamanja ndinali ine.

Tsono chaka china mvula itangotha, masana ena ndikuanika zovala ndinamva odi wotsika kwambiri. Kutembenuka, ndinaona mzimayi wowonda atagwada pafupi ndi khomo, kathumba ka matemba ndi kalongonda kali pambali. Ndinachita kumuyang'anitsitsa kuti ndimuzindikire. Anali mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono amene anakwatiwa kutsidya kalekale ndipo anamwalira komweko. Tinkaonana pamaliro pokha.

“Achemwali, ndabwera kwa inu, thupi landikana,” anatero.

Ankatsokomola, thupi likutentha, ndipo anati pokodza pankawotcha. Kunyumba anasiya ana anayi ndi mpunga wosakolola. Ndinamulowetsa, ndinamuphikira phala, ndinamuyalira pabedi la mwana wanga. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndinamumvera chisoni chenicheni. Koma pansi pa chisonicho panali china chimene chinkandidya: ndikalowa naye bwanji pachipatala paja, ine mwini pakamwa?

Atamwa phala anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kajumbo kopindapinda. M'katimo munali khadi lachikasu lothimbirira, lolembedwa Chipwitikizi. Pamwamba pake panali mawu a inki yofiira, odulidwa mizere iwiri kunsi.

“Zaka ziwiri zapitazo ndinagonekedwa kwathu,” anatero. “Potuluka anati chipatala chilichonse chimene ndipite ndizionetsa ili.”

Sindinamufunse kuti anagonekedwa chifukwa chiyani. Sindinamufunse kuti mawu ofiirawo akuti chiyani. Ndinangoona Chipwitikizi, basi mutu unazungulira. Masiku amenewo kunali mphekesera yoti a kutsidya ayamba kuwabweza pageti. Palibe amene anaonapo munthu atabwezedwa, koma tonse tinkainena, ndipo ine ndinali m'gulu la oifalitsa mosangalala.

“Iwe, ukufuna atithamangitse?” ndinatero. “Bweretsa kuno.”

Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinalilowetsa m'sutikesi pansi pa yunifolomu yanga ya kutchalitchi n'kutseka. Kenako ndinamukhazika pansi kumuphunzitsa zimene mabanja ambiri kuno amaphunzitsa abale awo owoloka: dzina la mudzi wa mbali ino, dzina la mfumu yake, ndi kuti buku lakale linanyowa ndi mvula. Ankabwereza ngati mwana wa sitandade wani, koma lilime lake linkamuulula.

“Leka,” ndinatero. “Ukangotsegula pakamwa adziwa. Kumeneko ukakhale chete, woyankha ndine.”

“Chabwino, achemwali.”

Ndinasankha Lachinayi dala, kuti ndisakumane ndi anzanga a Lachiwiri. Pageti ndinamugulira buku latsopano, ndinalemba dzina lake ndi mudzi wobwereka uja. Kulowa m'kati, ha! Ambuje ali pabenchi, mwendo uli pampando, abwera kudzatsukitsa bala la kuphazi.

“Amayi, lero si tsiku lanutu. Alendo athu awa?”

“Mng'ono wanga, wa kwa Jali,” ndinayankha msangamsanga.

Anamuyang'ana mng'ono wangayo, anayang'ana ine, kenako anasuntha n'kumupatsa malo. Bola akanandiseka.

Adokotala anali mnyamata wa maso otopa, mulu wa mabuku uli pachigongono. Anafunsa chovuta, ine n'kufotokoza. Anamuyeza pachifuwa, anamutumiza kukapereka mkodzo, titabwerera anafunsanso akulemba.

“Munayamba mwagonekedwapo m'chipatala? Alipo mankhwala amene amakuwengani?”

Ndinamumva mng'ono wanga akukoka mpweya kuti ayankhe. Ndinamukanikiza bondo ndi dzanja langa pansi pa tebulo.

“Palibe, adokotala. N'koyamba kudwala chonchi.”

Analemba. Ndipo taonani mwayi wake, tsiku limenelo pawindo mankhwala analipo, okwanira masiku onse. Ndinatuluka pageti ndikudzitama mumtima kuti ndine mzimayi wodziwa kuyendetsa zinthu. Panjira ndinamugulira nthochi.

Ankamwa m'mawa ndi madzulo, ine nditaimirira pomwepo ndi kapu ya madzi. Tsiku lachinayi maso ake anafiira, milomo inatupa, ndipo ankadzikanda m'khosi ndi m'mikono. Atatenga piritsi analisunga m'manja kanthawi.

“Achemwali, kodi ndisayambe ndapumira?”

“Upumire chiyani? Mankhwala sasiyira panjira. Ameneyu ndiye akugwira ntchito, akutulutsa matenda kunja. Meza.”

Anameza. Mawa lake anamezanso. Mawu amenewo, akuti mankhwala akutulutsa matenda, ndinawamva kwa amayi anga, nawonso anawamva kwa ena, ndipo ndinawanena ndi mtima wonse.

Loweruka la sabata yotsatira m'mawa sanadzuke. Nditavundukula bulangete ndinakuwa. Thupi lonse linali matuza, ndipo pamene ndinamugwira paphewa kuti ndimudzutse, khungu linatsalira m'manja mwanga ngati la mbatata yophika. M'kamwa munali zilonda zokhazokha, zikope zitamatana ndi mafinya. Aneba anathamanga kukaitana galimoto. Pachipatala chathu sanatichedwetse ngakhale pang'ono, anangoona kamodzi n'kutikweza ambulansi kupita kuchipatala chachikulu.

Kuwodi anatilandira anesi achikulire, a imvi m'mbali mwa kachipewa kawo, oyenda pang'onopang'ono ngati mapazi akuwawa. Anawerenga buku latsopano lija, tsamba limodzi lokhalo, kenako anandiyang'ana.

“Awa ndi mankhwala amuwenga. Koma kufika chonchi, kawirikawiri si koyamba. Anayamba wachitapo zotere?”

Mng'ono wanga sakanatha kuyankhula. Ine ndinati sindikudziwa, ndipo zinali zoona, koma ndinali nditakumbukira kale khadi lija. Mawa lake ndinasiya mayi wa bedi loyandikana kuti amuyang'anire, ndinakwera kabaza mpaka kunyumba, ndinatsegula sutikesi. Pobwerera ndinkapemphera pemphero lopusa, loti mawu ofiira aja akhale dzina la mudzi kapena la dokotala.

Nditawapatsa khadilo, anesi aja anavala magalasi. Sanachedwe nalo.

“Linali kuti ili?”

“M'sutikesi, kunyumba.”

“Mayi, ine Chipwitikizi sindichidziwa. Koma dzina la mankhwala ndi limodzi kulikonse. Onani apa, onani m'bukumu. Ndi omwewo. Inki yofiirayi akutiuza kuti tisadzamupatsenso.”

Ndinayamba kufotokoza za mphekesera, za pageti, za kubwezedwa. Anakweza dzanja kuti ndileke. Sanakalipe, mwina analibe mphamvu zokalipira.

“Bedi ilo ndi wa kutsidya. Ilo kukona ndi wa kutsidya. Inde amatichulukira, inde zinthu zimatha, ine ndemwe ndatopa, musaganize kuti sinditopa. Tikakhala patokha nafenso timadandaula. Koma munaonapo ndani titamubweza? Wotivuta ife si wobwera ndi khadi lake. Wotivuta ndi wobisa.”

Analipanikiza khadilo ndi pini pafayilo, napita kukasintha diripi.

Tinakhala m'wodi imeneyo masabata asanu. Ndinkamupukuta ndi kansalu, kumudontheza phala la madzimadzi pakona pa mlomo ndi kasupuni, kumutembenuza pang'onopang'ono iye akubuula. Kukhitchini ya odikirira odwala ndinkasonkha moto limodzi ndi azimayi a kutsidya, amene ankandigawira nkhuni zanga zikatha. Ndinkawayamika mwaulemu, koma sindinkatha kucheza nawo. Ndinkangowerenga mumtima mabotolo a diripi, mabandeji, majekeseni, ndi bedi limene munthu wina akanagonapo pamene ena ankagona pansi m'khonde. Ine amene ndinkawerengera alendo mapiritsi, ndinawonongetsa dziko zinthu zochuluka kuposa onse amene ndinawanenapo. Khadi lija likanaonetsedwa, akanamupatsa mankhwala ena, akanabwerera kukakolola mpunga wake sabata yomweyo.

Lachiwiri langa linakwana tili m'katikati mwa zimenezi, ndipo ndinapita, popeza bipi sidziwa kuti uli ndi wodwala. Mayi wa masitiroberi anandisungira malo. Atangoona azimayi awiri a maduku achilendo akuika mabuku pamulu, anandigunda ndi chigongono.

“Ayambapotu. Lero muwauze.”

“Ndatopa ine,” ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndamulanda kanthu, kenako anayamba yekha, mawu anga omwe aja, bulangete ndi zonse. Ambuje anamuyankha za chimanga. Anthu anaseka pamene ankasekera nthawi zonse. Nditadzuka kupita kwa adokotala, ambuje anandifunsa chapansipansi kuti odwala ali bwanji, ine n'kungoti tikuyesera. Pawindo anati mankhwala anga atha. Ndisaname, ndinakwiyabe, ndipo potuluka ndinawayang'anabe azimayi a maduku aja ndi diso loipa. Mtima wa munthu suphunzira tsiku limodzi.

Khungu linapola, linasiya mawangamawanga. M'kamwa munapola, anayamba kudya. Maso ndiwo anakana. Adokotala a maso anamuunika ndi tochi nthawi yaitali, kenako anandiitanira panja. Anati lakumanzere lapita, zilonda zinaphimba galasi lake. Lakumanja liziona kuwala ndi zithunzithunzi, ndipo azidonthezamo mankhwala moyo wake wonse chifukwa misozi inauma. Ndinafunsa ngati kuli opaleshoni. Anapukusa mutu.

Titabwerera kunyumba sanafune kungokhala. Anati mlendo sangodya, mundipatse ntchito. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde atatenga lichero la mpunga kuti asankhe timiyala. Analiyandikitsa mpaka pamphuno, kenako analitsitsa n'kuyamba kufufuza ndi zala, kambewu kamodzikamodzi. Munthu amene anakulira mumpunga, amene ankapeta akucheza osayang'ana n'komwe. Ndinabwerera m'nyumba mwakachetechete kuti asandimve.

Amuna ake anafika patatha masiku angapo, atamva uthenga kudzera kwa anthu a mabwato. Anali bambo wamfupi wofatsa, manja okakala ndi maukonde. Anabwera ndi nkhuku ndi kathumba ka mpunga watsopano, umene anakolola okha ndi ana. Anamuyang'anitsitsa mkazi wawo. Kenako anandigwadira ine, munthu wamkulu ndithu, akuomba m'manja.

“Alamu, mukanapanda inu tikanaika maliro. Masabata asanu mukugona pasimenti chifukwa cha ife. Mulungu yekha ndiye akubwezereni.”

Iii, abale. Kutukwanidwa ndikanakupirira. Ndinalandira nkhukuyo, ndinaimangirira pamtengo wa mapeyala, koma za khadi sindinaulule. Ndinadziuza kuti mng'ono wanga sakudziwa chimene chinachitika, popeza pamene anesi ankayankhula za khadi iye anali chikomokere. Ndinadziuza kuti kumuuza n'kumuwonjezera katundu. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo zonse zinkakomera ine.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinawaperekeza kudepoti. Amuna ake anapita kukakangana ndi kondakitala za malo a katundu, ife tinatsala awiri pambali pa minibasi ya ku Kachulu, iye atagwira mkono wanga. M'chikwama ndinali ndi khadi lija, anesi anandibwezera potuluka atalemberanso chenjezo lomwelo m'buku lathu. Ndinalitulutsa n'kuliika m'dzanja lake. Analisisita ndi chala, analizindikira. Pamenepo zinandikanika kusunga.

“Iwe, tamvera. Maso akowa ndine. Khadi ili linkanena kuti mankhwala aja usamwenso. Ine ndinalibisa, ndinayankha bodza kwa adokotala, ndinakukakamiza kumeza. Sindinkadziwa chimene linalembedwa, koma sindinafunsenso. Ndinkaopa manyazi kwa anzanga a pabenchi, basi, palibe china.”

Sanadzidzimuke. Anapinda khadilo m'mapindo ake akale, namasula mfundo ya chitenje.

“Ndinkadziwa, achemwali.”

“Unamva anesi akunena?”

“Ayi. Ndinkadziwa kuyambira pawindo paja. Mapiritsi ake ndinawazindikira, oyera a mzere pakati. Ndi omwe anandigoneka kwathu. Ulendo umenewo zinali zidzolo ndi milomo basi, ndiye ndinati mwina ndipirira.”

Ndinamugwedeza mkono, mwaukali ndithu, anthu mpaka anatembenuka.

“Nanga osanena bwanji? Pakamwa unalibe? Masiku onse aja ndikukupatsa madzi, iwe n'kumameza chinthu ukuchidziwa?”

“Ndinayesa kawiri,” anatero mofatsa. “Koma ndinali m'nyumba mwanu, ndikudya zanu, kudziko la eni. Inu ndinu aakulu, munati mukudziwa mmene zimayendera kuno. Ine ndikanakutsutsani bwanji?”

Kondakitala anamenya chitseko kuti okwera akwere. Amuna ake anali kale m'kati, atatambasula manja kuti amulandire. Iye anamanga mfundo yake bwinobwino, natembenukira kumene kunkamveka injini, phazi lake likufufuza m'mwamba.

“Achemwali, mundithandize, chopondera sindikuchiona.”

Ndinagwada pafumbi la depoti, ndinagwira phazi lake ndi manja awiri, n'kuliika pachopondera.